Kosi ya off-piste: gulu la oyamba kapena lapakati?

Mayi wina amene amakhala ku Manchester wanditumizira imelo. Akuti wasewera ski (kutsetsereka pa chipale chofewa m'mapiri) kwa zaka zingapo, njira zofiira (zovuta pang'ono) amatsika popanda vuto, zakuda (zovuta kwambiri) amatsikanso koma mtima uli m'mwamba. Mu February akupita ku Chamonix, m'mapiri a ku France, ndi anzake, ndipo kosi ya off-piste (kutsetsereka kunja kwa njira zokonzedwa) imene apeza ili ndi magulu atatu: oyamba, apakati ndi akatswiri. Anzake onse alembetsa lapakati chifukwa tsiku lomaliza gululi limakatsika Vallée Blanche, njira yaitali yotchuka ya off-piste ya kumeneko. Akufunsa ngati alowe nawo kapena ayambire pansi.

Achemwali, lowani gulu la oyamba.

Njira zofiira zomwe mukunenazo makina amazisalaza usiku uliwonse. Chipale chake chimakhala chotsendereka, chofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo miyendo yanu inazolowera kutsamira pa ski yakunja pokhota. Mukangodutsa mitengo ya m'malire a njira, zimenezi zimatha. Pa chipale chofewa chakuya, mukatsamira mwendo umodzi ski imeneyo imamira, inayo n'kutsala pamwamba, inu n'kugwa chafufumimba. Ndiponso chipale chaufa chomwe mumachiona m'mavidiyo sichipezeka tsiku lililonse. Masiku ambiri mumakumana ndi cholemera chonyowa, kapena chimene ena achiponda kale n'kuchisiya nthulinthuli, kapena choipitsitsa, chokhala ndi kakhungu kouma pamwamba kamene kamakunyamulani mamita awiri kenako n'kuboweka. Gulu lapakati limayamba poganiza kuti zonsezi munaziona kale.

Musadziyeze ndi tsiku limene munatsika bwino kwambiri. Pitani pa njira yakuda yosasalazidwa, yodzaza mabampu (timilu ta chipale), chakumadzulo miyendo itatopa, kumwamba kuli mitambo moti simukuona bwino pokwera ndi potsika. Kodi mungakhote pafupipafupi, kumanja kumanzere, osaima pakapita mabampu atatu alionse? Pamalo opapatiza ndi otsetsereka kwambiri, mungatsike cham'mbali modekha, ma ski ali chopingasa? Mwandiuza nokha kuti pa njira zakuda mtima umakhala m'mwamba, ndiye yankho mwalipereka kale.

Anthu ambiri saganizira za kugwa. Pa njira yosalazidwa mukagwa mumadzuka n'kusansa zovala. M'chipale chofika m'mawondo ndodo zimalowa pansi popanda pogwira, ski imodzi yavuka ndipo yakwiririka penapake kumtunda, muyenera kukwawa kukaifukula, kuchotsa chipale kunsi kwa nsapato, kenako kuivala mutaima pamalo opendekeka. Mukachita zimenezi kanayi m'mawa umodzi, pofika masana ntchafu zimanjenjemera, ndipo mawondo ambiri amavulala nthawi imeneyi. Anzanu nawo amakhala ataima akukudikirani m'mphepo, nthawi zina pamalo amene mtsogoleri sakanafuna kuti gulu lichedwepo.

Chifukwa china, chomwe kwa ine n'chachikulu kuposa cha miyendo, ndi kugumuka kwa chipale. Chikamasuka paphiri chimatsika ngati napolo, chikaima chimauma gwa, munthu wokwiririka sangasunthe ngakhale dzanja. Ku Ulaya ngoziyi amaiyeza kuyambira 1 mpaka 5, ndipo ku France a zanyengo a Météo-France amatulutsa chenjezo la dera lililonse tsiku ndi tsiku. Bungwe la SLF la ku Davos ku Switzerland, lofufuza za kugumuka kwa chipale, limati pafupifupi theka la anthu omwalira pa ngozizi amafa chenjezo lili pa 3, nambala imene mlendo amaiona ngati yapakatikati. Chipale chimagumuka kawirikawiri pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo okoma kutsikapo. Wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 15 zoyamba, mwayi wopulumuka ndi waukulu. Ikadutsa theka la ola, ambiri amakhala atabanika. Helikopita siifika msanga chotero. Amene amafukula ndi anzanu omwe muli nawo, ndipo inu ndi amene mudzafukule iwo.

Zimenezi amaphunzitsa mofatsa m'gulu la oyamba. Mphunzitsi amakwirira chikwama chokhala ndi transceiver, kachipangizo kamene aliyense amavala pathupi kotumiza chizindikiro pa 457 kHz. Inu mumatembenuza kanu kuti kayambe kufufuza, mumatsatira manambala osonyeza mtunda wotsala akucheperachepera, 20, 8, 2, kenako mumagwada, kulumikiza ndodo yaitali yobayira, kubaya mozungulira mpaka itagunda chofewa, n'kuyamba kukumba ndi fosholo kuchokera kumunsi. Zala zili m'magolovesi, mpweya ukuperewera, mphunzitsi akuwerenga mphindi. Gulu lapakati nthawi zambiri limangoyesa zipangizo m'mawa n'kunyamuka. Munthu akhoza kukhala katswiri pa ski koma osadziwa chilichonse pa nkhaniyi, ndiye afunseninso anzanuwo ngati anaphunzirapo.

Za Vallée Blanche ndikumvetsa kuti zikukupwetekani mtima. Mumayambira pa nsonga ya phiri la Aiguille du Midi, mamita 3,842, kutsika wapansi pa kamsana kopapatiza ka phiri mutamangidwa chingwe, ma ski ali kumsana, kenako ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kulowera ku mtsinje wa chipale chouma wa Mer de Glace. Njira yodziwika kwambiri si yotsetsereka moopsa, koma ili pa mtsinje wa chipale chouma wokhala ndi ming'alu yakuya, ina yobisika, ndipo pali malo amene muyenera kukhota ndi kuima penipeni pomwe mtsogoleri wanena. Mukatopa pakati palibe potulukira. Ku France mphunzitsi wamba wa ski saloledwa kutsogolera anthu pamalo otere. Pamafunika mtsogoleri wa m'mapiri wokhala ndi chiphaso cha IFMGA (bungwe la padziko lonse la atsogoleri a m'mapiri), monga a Compagnie des Guides de Chamonix, yomwe inayamba mu 1821. Ulendowu mungathe kuulipirira padera chaka china, kapena kumapeto kwa sabata yomweyo ngati mphunzitsi wanu wakuonani n'kuvomereza.

Musanalipire, alembereni a sukuluyo. Atumizireni kavidiyo ka pafoni mukutsika pa mabampu, osati pa njira yosalala. Afunseni kuti gulu limakhala la anthu angati, ndiponso ngati amalola kusintha gulu likatha tsiku loyamba. Ambiri amalola, ndipo kukwezedwa n'kosavuta kusiyana ndi kubwezedwa. Werengani bwino inshuwalansi yanu, chifukwa zina salipira ngozi ya kunja kwa njira, zina amalipira pokhapokha muli ndi mtsogoleri. Mukafika bwerekani ma ski otambalala pang'ono kuposa amene munazolowera. Pakadali pano, malo otsetserekera a m'nyumba omwe ali pafupi ndi masitolo a Trafford Centre kwanu ku Manchester ndi okwanira kuyeserera kukhota pafupipafupi, ndipo kukwera masitepe tsiku lililonse kulimbitsa ntchafu February asanafike.