Mkuwa ukauwotcha umafeweranji?

Bambo wina wa ku Ndirande, wosula ziwiya, wanditumizira imelo. Akuti waya wa mkuwa akaupinda kangapo umalimba mpaka kuthyoka, koma akauika pamakala n'kufiira, umafewa ngati sunakhudzidwepo. Funso lawo ndi lakuti, kodi moto umachotsamo chiyani?

Bambo, moto suchotsamo kanthu. Umangopatsa chitsulo mpata wodzimanganso m'kati.

Chitsulo chili ndi tinjere tosaoneka ndi maso, ndipo m'kanjere kalikonse maatomu, tizidutswa tochepetsetsa topanga chinthu chilichonse, amakhala m'mizere ngati chimanga chodzala ndi chingwe. Mukamapinda kapena kumenya ndi nyundo, mizere ija imatsetsereka, n'kukolana, mpaka ina kusowa podutsa. Kulimba kuja ndi kumeneko. Kutentha kukakwana, pomwe panapunduka kwambiri pamaphukira tinjere tatsopano topanda chilema, timakula n'kumeza takale tonse. Akatswiri amati recrystallisation. Chitsulocho sichinasungunuke ayi: mkuwa umasungunuka pa madigiri a Celsius 1085, koma woyengeka bwino umayamba kudzikonza cha m'ma 120 basi. Mtovu ndiye umadzikonza ngakhale uli pa tebulo, n'chifukwa chake muumenye bwanji sulimba.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi mphamvu ya tizitsulo tochepa tosakanizamo. Aluminiyamu woyengeka kwambiri amadzikonza cha m'ma 80, pomwe wa mapoto athuwa amafuna kupitirira 300. Maatomu achilendo amakhala m'malire a tinjere n'kumagwira malirewo kuti asayende, ngati zitsa m'munda woti mulime. Kromiyamu wosaposa gawo limodzi pa 100 akalowa mu mkuwa, mkuwawo umapirira moto osafewa, n'chifukwa chake amaupangira nsonga za makina owotcherera malata a galimoto m'mafakitale.

Magineziyamu, chitsulo chinanso, ndi wamakani mwa njira yake. Maatomu ake anasanjika mwakuti akazizira ali ndi njira zochepa zotsetserekera, ndiye ukaukakamiza umang'aluka. Amausula uli wotentha, kupitirira madigiri 200, ndipo tinjere tatsopano timabadwa ntchito ili m'kati.

Kubwerera pa mkuwa wanuwo, bambo: ukangofiira pang'ono, uchotseni. Mukausiya nthawi yaitali tinjere timakula mopitirira, ndipo mukadzaupinda khungu lake limakhakhala ngati la lalanje. Kuuviika m'madzi musaope, mkuwa sulimba nazo ngati chitsulo cha nkhwangwa.