Chigumu cha amayi ndi timapiritsi totsekemera

Imelo iyi yagona masiku anayi ndisanayiyankhe. Achemwali ena a ku Lizulu akuti mayi awo awapeza ndi matenda a shuga, ndiye akufunsa ngati chigumu chomwe amakonda kumwera tiyi angamachiphike ndi timapiritsi totsekemera tija m'malo mwa shuga. Funso lake ndi lalifupi, koma landitokosa pachilonda.

Bambo a kunyumba kwanga anawapeza ndi shuga zaka zitatu zapitazo, mu June, kuno ku Dedza kukuzizira moti galu sachoka paphulusa. Munthu wake ndi uja ankathira masupuni anayi m'kapu imodzi n'kumadandaulabe kuti tiyi sanakolere. Tsiku limenelo anangofikira kukhala pakhonde, duu. Ine ndinalowa kukhitchini n'kubisa shuga pamwamba pa kabati ngati mankhwala a makoswe. Patangopita milungu iwiri linakwana tsiku lawo lobadwa, ndipo ndinalumbira kuti keke adya basi, asaone ngati moyo wathera pomwepo. Ndinatuma mphwanga ku Lilongwe kuti andigulire timapiritsi. Ndinatiphwanya ndi supuni, n'kusakaniza ndi fulawa, mazira, majarini ndi mkaka monga ndimachitira nthawi zonse. Poto pambaula, makala ena pachivindikiro, fungo n'kumamveka bwinobwino.

Nditavundukula ndinangoti kakasi. Chinthu chotuwa, chosafufuma, cholemera ngati njerwa yosawotcha. Ndinabwezera makala poganiza kuti sichinapse, kumeneko ndiye kunali kuchiumitsa. Kulawa, kutsekemera konse kunali kutathawa. Ana anaseka mpaka misozi, apongozi anga n'kufunsa kuti, "Kodi mayi, mwatipatsa mkute wa dzana?" Koma chomwe chinandipweteka ndi bambowo. Anadya chidutswa chonse mwakachetechete, n'kunena kuti, "Zikomo, mwayesetsa." Bola akanandinyoza.

Paketi ndinaiwerenga mawa lake, zinthu zitaonongeka kale. Munali aspartame. Ameneyu amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 200, ndipo mu tiyi amagwira ntchito bwino, koma akakhalitsa pamoto amasweka n'kutaya kutsekemera. Sucralose, uja ali mu Splenda, amatsekemera pafupifupi ka 600 ndipo moto amaupirira. Stevia amachokera ku masamba a chomera cha ku Paraguay, nayenso moto sumugonjetsa, kungoti amasiya kakuwawa kukhosi. Saccharin ndiye gogo wa onsewa, anatulukiridwa mu 1879, ndipo mukachulukitsa mumamva ngati mwanyambita ndalama yachitsulo.

Koma ngakhale ndikanagula woyenera, keke ija ikanakhalabe yomvetsa chisoni. Shuga m'keke ali ndi ntchito zambiri. Mukamamupukusa ndi majarini amatsekera mpweya umene umafufumitsa keke. Ndi iye amafiiritsa pamwamba. Ndi iye amasunga chinyontho kuti keke ifike mawa ili yofewa. Mukachotsa kapu yathunthu ya shuga n'kuikapo kaufa kosadzaza supuni, malo a kapu ija atseka ndani?

Ndipo apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa zimandikwiyitsa. Anthu tikuganiza kuti mdani ndi shuga wa m'paketi yekha. Fulawa nayo ikalowa m'thupi imasanduka shuga. Ufa woyera chimodzimodzi, mbatata ya kachewere yomwe timanyadira ku Tsangano ndi ku Bembeke chimodzimodzi. Munthu akudya masikono atatu ali mtima mbee chifukwa "mulibe shuga", akudzinamiza. Enanso amabwera ndi nzeru zoti thirani uchi, kapena gulani shuga wabulawuni. Uchi ndi shuga ndithu, njuchi sizinauchotse kanthu. Wabulawuni ndi woyera onse mayi wawo ndi mmodzi, nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Za aja amagulitsa mizu pa WhatsApp kuti imachiza shuga m'masiku ochepa ndisayambe n'komwe, titha kugona pano. Mnzathu wina wa kumpingo anasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha iwowa, tinakamuona ali pabedi.

Ndiye pali achibale. Kumaliro, kuukwati, kuchinkhoswe, nthawi zonse pamapezeka wina wonyamula botolo la zoziziritsa kukhosi akuti, "Imwani alamu, kamodzi sikapha." Achemwali, mudzalimbana ndi anthu amenewa kuposa mmene mungalimbanirane ndi poto.

Za khansa zija

Ndikudziwa kuti wina wakuuzani kale zoti timapiritsiti timayambitsa khansa. Mu July 2023 nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inaika aspartame m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, pa umboni wochepa. Nthawi yomweyo komiti yoona za zothira m'zakudya inasiya pomwe unali mlingo womwe munthu angadye popanda vuto, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti mamiligalamu 2,400 patsiku, ndipo timapiritsi tiwiri ta mu tiyi tili kutali kwambiri ndi pamenepo. Mu May chaka chomwecho WHO inalangizanso kuti zotsekemeretsazi zisagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa thupi, koma langizolo silinakhudze anthu omwe ali kale ndi matenda a shuga. Ine kwathu timathira mu tiyi, ndipo sindisowa nazo tulo.

Nanga chigumu?

Mwayi wanu ndi woti chigumu si keke. Sichidalira shuga kuti chiime, soda ndi chambiko ndi zomwe zimachidzutsa. Gwiritsani ufa wa mgaiwa, dzira, mafuta pang'ono, ndi sucralose kapena stevia, osati aspartame. Thirani pang'ono, lawani musanaike pamoto. Musadikire kuti chifiire, bayani ndi mpeni msanga, ukatuluka wouma phulani. Nthochi imodzi yakupsa imathandiza kufewetsa, koma nayo ili ndi shuga wake. Amayi adye kachidutswa kakang'ono, ndipo ngati muli ndi kamakina koyezera shuga m'magazi, ayeze patatha maola awiri, manambalawo mukaonetse a kuchipatala. Phikani chochepa, chifukwa mawa lake chimauma gwa.

Mandasi ndinawasiya, yisiti amafuna kashuga pang'ono kuti adzuke msanga, ndiye kuphatikiza mafuta aja ndinaona kuti n'kudzivutitsa chabe. Bambowo tsopano amamwera tiyi mtedza wokazinga, chigumu ndi cha Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Shuga uja ndinamutsitsa pakabati kalekale, nditapeza kuti mwana wathu wachisodzera ankakwera pampando kumakatapa, bambo ake ali pakhomo kumulondera kuti ndisawapezerere.