Kodi timapaketi ta stem cell tingadzutse bambo anga?

Mayi wina wa ku Ulongwe wandilembera kuti: "Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Kwathu kwabwera wogulitsa timapaketi ta ufa ta stem cell, akuti timameretsa maselo atsopano, sitiroko ndi shuga zimatha. Kuti ndikwanitse mtengo wake, ndiye kuti matumba angapo a kachewere apite. Ndigule?"

Achemwali, pepani ndi matendawo, koma musagule. Kachewereyo musungeni.

Ma stem cell alipodi, si nthano ayi. Ndi maselo amene amabala maselo ena. Mafuta aja timayamwa m'fupa la ng'ombe, ifenso tili nawo, ndipo m'mafuta a m'mafupa athu, makamaka a m'chiuno, ndimo muli ma stem cell amene amapanga magazi. Selo lofiira la magazi limakhala masiku ngati 120 basi, ndiye ntchito imeneyi siima, usana ndi usiku.

Munthu akadwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo), madokotala amatha kupha maselo odwalawo ndi mankhwala amphamvu, kenako n'kumuika ma stem cell amoyo a munthu wina kudzera mu diripi. Amagona masabata angapo m'chipinda chayekha, chifukwa nthawi imeneyo ngakhale chimfine chingamutenge. Wopereka naye satoledwa pamsewu: ngakhale m'bale wa bere limodzi, mwayi woti mufanane ndi umodzi mwa inayi. Dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, analandira mphoto ya Nobel mu 1990 chifukwa cha njirayi, ndipo ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town amachita. Za sitiroko, akatswiri akadali pa kafukufuku.

Tsono taonani kapaketi kaja. Ufa wouma mulibe selo lamoyo. Tambiri totere amati n'tochokera ku zomera monga maapozi, ndipo selo la apozi silingasanduke ubongo wa munthu. Likafika m'mimba limagayidwa ngati chisoso. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti ena akagula amasiya mankhwala a kuchipatala, kenaka sitiroko yachiwiri n'kubwera.

Madalawo azimwa mankhwala awo a BP tsiku ndi tsiku, mchere muchepetse m'ndiwo. Mukapita nawo kuchipatala ku Ulongwe kapena ku Tete, mufunse za fiziyoterapiya, akuonetseni kawongoledwe ka mkono ndi mwendo. Kunyumba musamawachitire zonse chifukwa cha chisoni. Kapu azigwira okha ndi dzanja lofookalo, ngakhale madzi atayikire pa mphasa.