Mwafunsa, tayankha: kufufuta zolemba pa zitini za zakumwa

Makalata ambiri a ulendo uno achokera kwa anthu amene amapanga ndolo, maluwa, zotchingira nyali ndi zidole kuchokera ku zitini za aluminiyamu. Ambiri akudandaula chimodzi: utoto wa pachitini sukuchoka. Tasankha makalata asanu ndi limodzi.

Akonzi, ndimapanga ndolo ndi timaluwa ta zitini. Ndayesa kufufuta zolemba za pachitini ndi thina, sipiriti, ngakhale mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, koma palibe chikusintha. Ndikulakwitsa pati? — Mayi wopanga ndolo

Mayi, dzanja lanu lilibe mlandu. Chimene mukupukutacho si inki ayi, ndi vanishi. Kufakitale akasindikiza zolemba pachitini, amapaka vanishi woonekera pamwamba pake inki isanaume, kenaka chitinicho amachilowetsa mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 200. Vanishi wophikidwa chonchi amalimba kotheratu, sasungunukanso ngati penti wamba. N'chifukwa chake chitini chimakhala m'madzi oundana tsiku lonse, kukhudzana ndi zinzake m'galimoto, koma zolemba zili gwa. Thina ndi sipiriti zimangotsetsereka pamwamba. Asetoni, amene ali m'mankhwala ambiri a zikhadabo, amayesako koma payekha amachedwa kwambiri.

Njira zodalirika zilipo ziwiri: kufewetsa vanishiyo ndi nthunzi yotentha kenaka n'kupukuta ndi asetoni, kapena kumupala ndi sandipepa. Musanayambe iliyonse, onani kaye zinthu ziwiri. Gunditsani maginito m'mbali mwa chitini. Akamata ndiye kuti ndi cha chitsulo, ndipo mukachipala chichita dzimbiri. Kenaka kandani ndi chikhadabo chakukhosi kwa chitini. Zitini zina sizisindikizidwa n'komwe, amangoziveka pulasitiki wokhala ndi zolembazo. Zoterezi mumangocheka pulasitikiyo ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kusenda, chitini n'kutsala mbee.

Komanso dzifunseni ngati m'pofunikadi kufufuta. Mkati mwa chitini mulibe zolemba. Ngati chopanga chanu chimaonekera mbali imodzi yokha, tembenuzani, mbali yam'kati ikhale kunja, ntchito yatha.

Ndinamva kuti kuphika zitini mu pressure cooker (poto wotsekera nthunzi m'kati) kumachotsa utoto. Ndi zoona? Nanga amachita bwanji? — Mphunzitsi wa zaluso

Ndi zoona, aphunzitsi, ndipo ngati mukufuna chitini chonyezimira chopanda zokandika, njira yake ndi imeneyi. Koma kuphikako pakokha sikuchotsa utoto. Chitini chimatuluka m'potomo chikuoneka monga chinalowera. Chasintha ndi vanishi: wafooka, ndipo asetoni tsopano atha kumulowerera.

Madzi a m'poto wamba sapitirira madigiri 100, angawire bwanji. Mu pressure cooker nthunzi imatsekeredwa ndipo kutentha kumafika cha m'ma 120. Kusiyana kwa madigiri 20 amenewa ndi kumene kumagwira ntchito, choncho amene amawiritsa zitini m'poto wamba ola lathunthu kawirikawiri amangotha nkhuni kapena magetsi pachabe.

Tsukani zitini zotsegula, zopanda kanthu, kuti shuga wa chakumwa achoke. Chitini chosatsegula musachiyerekeze n'komwe kuchiika m'potomo, chiphulika. Ikani kachitsulo kotchinga pansi kamene kamabwera ndi potoyo, thirani madzi ofika masentimita 3 kapena 4, ndipo imikani zitini zinayi kapena zisanu malinga ndi kukula kwa poto. Zisapitirire magawo awiri mwa atatu a poto. Muphike zitini zathunthu, osati zodula kale, chifukwa kachidutswa kopepuka kakhoza kunyamulidwa ndi nthunzi n'kukatseka kabowo kotulukira mpweya, ndipo pamenepo ngozi yake si yamasewera. Vundikirani, dikirani mpweya ukwere, ndipo kuyambira pamenepo werengani mphindi 20 mpaka 30. Zimitsani moto, poto aphwe yekha, osamuthira madzi kapena kukakamiza chivundikiro.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu amapsa. Asetoni amawira pa madigiri 56 okha, amayaka msanga kwambiri, ndipo mpweya wake ndi wolemera kuposa mpweya wamba, moti umayenda chapansipansi mpaka kukapeza moto uli patali. Botolo lake lisatsegulidwe m'chipinda chimene mwaphikiramo. Tulutsani zitini ndi chopanira, pitani nazo panja pamthunzi, zikhuthuleni madzi, zipukuteni ziume. Zikazizira moti n'kugwirika ndi dzanja, nyowetsani thonje kapena kansalu ka thonje ndi asetoni, kagonekeni pachitini masekondi 10 kapena 15, kenaka kokani. Zikayenda bwino mudzaona utoto ukutsatira thonjelo ngati matope, kumbuyo kukutsala mzere woyera wa aluminiyamu. Sinthani thonje pafupipafupi. Lakuda limangobwezera utoto pamene mwapukuta kale, n'kusiya chifunga chofiirira.

Gwiritsani ntchito asetoni weniweni wa m'masitolo a penti. Mankhwala a zikhadabo amasakanizidwa ndi madzi, mafuta ndi zonunkhiritsa, ndipo ena alibe asetoni n'komwe, werengani pabotolo. Magolovesi opyapyala a nitrile asetoni amawalowerera m'kanthawi kochepa; amene amapirira ndi a butyl. Ndipo musachedwe: pukutani tsiku lomwelo, makamaka zitini zikadali zofunda pang'ono.

Zimakanika pati? Mafakitale sagwiritsa ntchito vanishi wofanana, choncho m'poto mmodzi zitini zitatu zikhoza kuyera bwinobwino, chachinayi n'kukana. Chokanacho chiphikeninso mphindi 20; chikakanabe chisiyireni sandipepa. Zitini zina zili ndi utoto woyera pansi pa zolemba, umenewo umachoka pomaliza ndipo umafuna kuleza mtima. Chitini chikatuluka chodera pansi pamene chinakhudza madzi, ndi mchere wa m'madziwo. Supuni imodzi ya viniga m'madzi ophikira imachepetsa zimenezi. Langizo lathu ndi lakuti poto ameneyu akhale wakale, wa ntchito yokhayi, asabwererenso kophikira chakudya. Ana asukulu apatseni zitini zoyera kale, za moto ndi asetoni zikhale zanu.

Ine pressure cooker ndilibe. Ndikapala ndi sandipepa chitini chimafwanyika, pena kubooka kumene. Pali nzeru ina? — Wowerenga wathu

Khoma la chitini ndi lopyapyala pafupifupi milimita 0.1, ngati tsitsi lokhuthala. Chimene chimalimbitsa chitini m'sitolo ndi mpweya wa chakumwa chimene chili m'katimo. Nzeru yake ndi yomweyo: palani chitini chisanatsegulidwe. Chimakhala cholimba ngati botolo, ndipo sandipepa amagwira paliponse mofanana. Mukamaliza chitsukeni, chisiyeni chikhazikike mphindi zingapo, tsegulani n'kuthira chakumwacho m'kapu. Samalani kuti musapale malo amodzi nthawi yaitali, ndipo chitini chisakhale chotenthedwa ndi dzuwa.

Ngati zitini zanu ndi zotola, zopanda kanthu, dulani kaye kukhala pepala, ligonekeni pathabwa losalala, limateni ndi tepi m'mbali zonse zinayi, zolemba zili m'mwamba. Thabwalo likhale lopanda kamchenga ngakhale kamodzi, chifukwa kamadinda kachiphuphu kamene sikafafanizikanso.

Kubookako kukuchokera kwa sandipepa wokhakhala. Wa nambala 80 kapena 120 ndi wa matabwa, pano alibe malo. Tengani wosaopa madzi wa nambala 400, mum'nyike m'madzi mmene mwadonthezera sopo wamadzi pang'ono, ndipo palani cholunjika mbali imodzi, osazunguliza. Madziwo amatsuka utoto kuti usatseke sandipepa komanso amagwira fumbi kuti musalipume. Utoto ukatha pitani pa 600, kenaka 1000, ulendo uliwonse mopingasa mizere ya poyamba kuti muone ngati yafafanizika. Mukalekera pa 600 mupeza maonekedwe a timizere tosalala tosathobwa m'maso, amene ku zotchingira nyali amakhala bwino kuposa kunyezimira. Steel wool wosalala kwambiri, wa 0000, amathandiza pomalizira, koma amasiya tizitsulo tosaoneka timene timadzachita madontho a dzimbiri; tsukani bwino mukatha.

Mnzanga akuti ndingoviika zitini mu caustic soda kapena kuziponya pamoto, utoto uchoka wokha. Ndimumvere? — Mnyamata wopanga zidole

Musamumvere, achimwene. Caustic soda salimbana ndi utoto, amadya aluminiyamu yemweyo. Akapeza polowera, kaya m'mphepete modula kapena pokandika, madziwo amayamba kuchita thovu ndi kutentha, n'kumatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umayaka ukakumana ndi moto. Pakapita kanthawi khoma la chitini limatha, kumatsala kachikopa ka pulasitiki kamene amapaka m'kati mwa chitini kali lendelende. Dontho lake likagwera m'diso likhoza kukuchititsani khungu. Mankhwala ambiri otsukira uvuni ndi otsegulira mapaipi otsekeka ali ndi caustic soda yemweyu, nawonso atalikireni.

Pa mankhwala ochotsera penti, werengani pachitini chake. Amene ali ndi methylene chloride amagwiradi ntchito, koma mpweya wake wapha anthu m'zipinda zotseka, ndipo ku United States analetsa kuwagulitsa kwa anthu wamba mu 2019.

Moto nawo umawononga. Vanishi ndi pulasitiki wam'kati zikamapsa zimatulutsa utsi woipa, ndipo zimasiya mwaye womatirira umene muyenera kuupalabe. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo sayamba wafiira ngati chitsulo kuti akuchenjezeni; mumangoona chitini chakwinyika, chabooka. Ngakhale chipulumuke, chimatuluka chotuwa ndi chofewa ngati chikopa, chosagwira mawonekedwe. Kufewaku amakufuna okhawo amene amadinda maluwa otukuka pachitsulo, ndipo iwo amayamba achotsa utoto, kenaka n'kutenthetsa pang'onopang'ono panja. Galimoto ya chidole imafuna chitini cholimba.

Ndinayeretsa zitini bwinobwino, koma patapita masiku zayamba kutuwa, ndipo penti amene ndinapaka akusendeka. — Bambo wokongoletsa nyali

Aluminiyamu wosavala kanthu amagwirizana ndi mpweya nthawi yomweyo n'kupanga kachikopa kopyapyala kamene kamamuteteza. Si dzimbiri lodya chitsulo, koma thukuta la m'manja ndi chinyezi zimakachititsa kutuwa ndi mawanga. Ngati mukufuna kunyezimira kukhalitse, pukutani ndi polishi wa zitsulo. Nsalu idzada bii, musadabwe, ndi mmene aluminiyamu amachitira. Pitirizani ndi nsalu ina mpaka isiye kuda. Kenaka chotsani mafuta a polishiyo ndi asetoni, osagwiranso ndi zala, ndipo fayirani vanishi woonekera kawiri mopyapyala, botolo lili masentimita 25 kuchokera pachitini. Kufayira kamodzi kokhuthala kumayenderera.

Penti akusendeka chifukwa pamalo osalala kwambiri alibe pogwira. Pamene mukufuna kupenta musapukutepo ndi polishi. Lekerani pa sandipepa wa 400, chotsani mafuta, pakani etch primer (penti woyambira, wothandiza penti kugwira) wopangidwira aluminiyamu, aume monga alembera pachitini chake, kenaka penti. Pindani kaye chinthu chanu musanapente, chifukwa penti wouma amang'aluka popinda. Ndipo chitini chochotsedwa utoto kapena chophikidwa chisakhalenso chomweramo kapena chosungiramo chakudya, popeza chikopa cham'kati chija sichingadalirikenso.

Ndidule bwanji kuti ndipeze pepala lalikulu, losapindika? — Wongoyamba kumene

Valani magolovesi ochindikala ndi magalasi oteteza maso. Boolani ndi nsonga ya mpeni pamene khosi la chitini lathera, lowetsani sizasi yakale, zungulirani kuchotsa mutu. Dulani chotsika mpaka pansi, zunguliraninso kuchotsa tako. Chitini cha mamililita 330, chotambalala mamilimita 66, chimapereka pepala la pafupifupi masentimita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi. Cha 500 chimafika cha m'ma 13 m'lifupi. Chepetsani m'mphepete monse ndi sizasi kuchotsa timano, ndipo tizidutswato musesere m'chitini china nthawi yomweyo, timalasa kumapazi.

Ngati chitini chikufwanyika podula, thiranimo madzi osadzaza, magawo atatu mwa anayi, chiikeni mufiriji aundane, ndipo muzidula ndi mpeni ayezi akuchirikiza m'kati. Mukadzaza, madzi oundana amafufuma n'kung'amba chitini.

Kuti pepala liwongoke, ligwireni mbali zonse ziwiri, msana wake uli pansi, ndipo likhuleni pang'onopang'ono m'mphepete mwa tebulo mobweza kupindika kwake, kawiri kapena katatu. Ikani nsalu pamphepetepo ngati mwayeretsa kale, kuti lisakandike. Mukakanikiza kwambiri lipindikira mbali inayo kapena kuchita mzere wothyoka, ndipo mzere wotere sufafanizika. Likawongoka lipanikizeni pakati pa matabwa awiri osalala, pamwamba pali cholemera, usiku umodzi.