Mwana wanga akufuna ndalama za kosi ya Power BI: ndilipire kodi?

"Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa zitenje ndi nsapato mumsika. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anamaliza dipuloma ya akaunti chaka chatha koma mpaka pano ali pakhomo. Tsopano akuti ndimupezere laputopu ndi ndalama za kosi ya masabata 6 yophunzira Power BI, ati mabwana ambiri akufuna anthu odziwa za data. Ine data yomwe ndimaidziwa ndi yogula pafoni ija. Ndalama nditha kubwereka ku banki m'khonde, koma ndikuopa kuponya m'madzi. Kodi chinthuchi n'chiyani, ndipo chingamupezetse ntchito?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanabwereke. Mwana wanu waona njira yabwino, ndipo musamugwetse ulesi. Koma ine ndikuti laputopu muiganizire, pomwe za kosizo mudikire kaye miyezi itatu. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi kope lanu la pamsika. Ndikukhulupirira kuti muli nalo, lomwe mumalembamo zomwe mwagulitsa, amene atenga pangongole ndi ndalama yomwe munapita nayo kokaoda. Mwezi ukatha mumalitsegula n'kuona kuti zitenje za mtundu wakuti zikuyenda, nsapato za ana zimathamanga sukulu zikamatsegulira, ndipo uje sanabweze kuyambira Pasaka. Zolembedwa m'kopemo ndiye data imene mwana wanu akunena. Kuziyang'ana kuti mudziwe choti mukaode ulendo wotsatira ndiye ntchito imene akufuna kuiphunzira. Kusiyana kwake ndi kukula chabe. Kampani ya mafoni, banki kapena fakitale ya shuga imalemba zinthu zikwizikwi pa tsiku, zina m'kompyuta ya ku akaunti, zina kumalo osungira katundu, zina kunthambi za m'maboma. Palibe munthu angaziwerenge ndi maso. Mapulogalamu monga Power BI amakoka manambala kuchokera konseko, kuwalumikiza, n'kuwaonetsa pa tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi ndi mizere yokwera ndi yotsika. Tsambalo amalitcha dashibodi, ngati ya m'galimoto imene imauza dalaivala liwiro ndi mafuta otsala. Bwana akalitsegula m'mawa amaona nthambi yomwe yatsika malonda popanda kudikira lipoti la kumapeto kwa mwezi. Ntchito yonseyi pa Chingerezi amaitcha business intelligence, mwachidule BI.

Power BI ndi ya Microsoft, ndipo inatuluka kwa anthu onse mu 2015. Si yokhayo ayi. Kuli Tableau, yomwe inayamba mu 2003 ndipo kampani ya Salesforce inaigula mu 2019 pa madola pafupifupi 15.7 biliyoni. Kuli Qlik yomwe inayambira ku Sweden, ndi ina ya Google yomwe poyamba inkatchedwa Data Studio, kenako mu 2022 anaisintha dzina kukhala Looker Studio. Ndatchula izi kuti muone kuti mapulogalamuwa amagulitsidwa, amasintha mayina, mabatani ake amasuntha chaka ndi chaka. Munthu amene anangophunzira kuti batani lakuti lili pakona yakuti, pakapita zaka ziwiri amakhala mlendo. Kosi zambiri za masabata ochepa zimaphunzitsa mabatani. Amakupatsa manambala okonzakonza kale, iwe n'kupanga zithunzi zokongola, n'kulandira pepala. Ku ntchito manambala safika okonzeka chotero.

Ndipereke chitsanzo. Tiyerekeze kuti mwana wanu walembedwa ntchito pa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza yomwe ili ndi mashopu ku Mchinji, Kasungu, Dedza ndi Nkhata Bay. Bwana akufunsa kuti matumba angati a feteleza anagulitsidwa mu Novembala. Funso looneka lophweka. Akatsegula zomwe mashopu atumiza, apeza kuti wina analemba "Nkhata Bay", wina "Nkhatabay", wina "NB", ndipo kompyuta ikuwerenga ngati malo atatu osiyana. Shopu ina inalemba matumba a makilogalamu 50, ina inalemba makilogalamu okha chifukwa imagulitsanso moyeza pang'onopang'ono. Pa tsiku, wina analemba 03/11 kutanthauza pa 3 Novembala, koma kompyuta yake inaikidwa mwa Chimereka ndipo yawerenga kuti pa 11 Malichi. Risiti ina inalowetsedwa kawiri chifukwa magetsi anathima pakati. Katundu wobwezedwa sanachotsedwe. Power BI zonsezi idzazilandira osadandaula, n'kujambula chithunzi chooneka bwino chonena zabodza. Ndipo bwana adzaoda katundu potengera chithunzicho. Nthawi yambiri ya munthu wa ntchito imeneyi imathera apa, pokonza ndi kutsimikiza manambala, poimbira foni wa ku shopu kuti afotokoze chomwe ankatanthauza. Kujambula kwenikweniko ndi kachigawo kakang'ono ka kumapeto.

Musaganize kuti izi zimangochitika kwathu kuno. Ku England mu Okutobala 2020, anthu pafupifupi 16,000 omwe anapezeka ndi Covid-19 sanalowe m'malipoti a boma pa nthawi yake, chifukwa zotsatira za kuyezetsa zinkasungidwa mu mtundu wakale wa Excel umene sulandira mizere yoposa 65,536. Mizere yopitirira pamenepo inkangotayika mwakachetechete, ndipo anthu omwe anakhala pafupi ndi odwalawo anachedwa kuuzidwa. Kompyuta sinalire. Panafunika munthu woti aone kuti manambala sakugwirizana.

Apa ndi pamene dipuloma ya mwana wanu ili ndi mtengo, mwina kuposa momwe iye mwini akuganizira. Wa akaunti anaphunzitsidwa kuti mbali ziwiri za buku ziyenera kufanana, ndipo kwacha imodzi ikasowa sapita kunyumba. Amadziwa kusiyana kwa ndalama zomwe zalowa ndi phindu. Taganizani izi: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kampani yomwe imaoda katundu kunja inakweza mitengo, ndipo dashibodi ya chaka chotsatira ikanaonetsa malonda m'makwacha atakwera kwambiri. Wodziwa mabatani okha akanathamangira kwa bwana ndi nkhani yabwino. Wa akaunti akanafunsa kaye kuti, nanga katundu amene watuluka pakhomo wachuluka kapena wachepa? Mwina apeza kuti makwacha achuluka koma matumba achepa, ndiye kuti bizinesi ikubwerera m'mbuyo. Funso limenelo palibe pulogalamu ingamufunsire munthu. N'chifukwa chake ndikuti asasiye akaunti. Ngati ali ndi mwayi wopitiriza mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi, apitirize, luso la data likhale lowonjezera pamwamba pake.

Tsopano miyezi itatu ndanena ija aigwiritse ntchito motere. Ayambe ndi Excel, ndipo asanene kuti anaiphunzira kale ku koleji. Ambiri amene amalemba pa CV kuti amadziwa Excel amangodziwa kuphatikiza mzere. Adziwe PivotTable, chida chosonkhanitsira manambala ambiri m'tebulo lachidule, adziwe kulumikiza matebulo awiri ndi VLOOKUP kapena XLOOKUP, ndipo koposa zonse adziwe Power Query, chida chokonzera manambala osokonekera chomwe chili mkati mwa Excel kuyambira ya 2016. Power Query yomweyo ndi imene ili mu Power BI, choncho akaidziwa wadula kale theka la ulendo. Maofesi ambiri m'dziko muno malipoti awo akadali a Excel, ndiye luso limeneli lokha litha kumuthandiza pa intavyu ya mawa.

Akachoka apo aphunzire SQL. Ichi ndi chiyankhulo chofunsira mafunso ku nkhokwe za data, monga kunena kuti ndionetse makasitomala onse a ku Zomba amene sanalipire kwa masiku 60. Chinapangidwa ku IBM m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero mabanki ndi makampani a mafoni akuchigwiritsabe ntchito, pomwe mapulogalamu ambirimbiri abwera n'kupita. Mawu ake oyambira ndi ochepa, ndipo mapulogalamu ophunzirira monga SQLite ndi PostgreSQL ndi aulere. Power BI ibwere pachitatu. Ndipo mayi, mvetsani ichi: Power BI Desktop, yomwe munthu amapangira madashibodi pa kompyuta yake, ndi yaulere. Maphunziro ake a Microsoft eniake ali pa tsamba la Microsoft Learn, aulerenso. Chomwe mudzalipire ndi bandulo. Akangoiika pa laputopu, ntchito yambiri atha kuigwira popanda intaneti.

Pa laputopu, isakhale ya Apple, chifukwa Power BI Desktop imayenda pa Windows pokha. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira bola ikhale ndi RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ya 8GB kapena kuposa, ndipo batire muliyese musanapereke ndalama, poti magetsi athu mukuwadziwa.

Nanga aphunzirire pa manambala ati? Ayambe ndi kope lanu lija. Ndikunena zoona. Alowetse mu Excel malonda anu a miyezi 6 yapitayi, akumane ndi masiku omwe simunalembe, ndi mayina a zitenje omwe mumawalemba mosiyanasiyana, ndi ngongole zomwe zinabwezedwa theka. Kenako akuuzeni chinthu chimodzi chokhudza bizinesi yanu chomwe simunkachidziwa. Akatero aphunzira zambiri kuposa za m'kalasi, ndipo inu mudzaona ndi maso anu ngati mtima wake ulidi pa ntchitoyi musanalowe m'ngongole. Akatha apo apite pa tsamba la National Statistical Office ya ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo malipoti ake ali ndi matebulo a boma lililonse. Reserve Bank of Malawi imatulutsa manambala a mtengo wa kwacha ndi a chiwongoladzanja. Apange madashibodi awiri kapena atatu oyankha funso lenileni, monga maboma omwe anthu anachuluka mofulumira pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018. Pa intavyu, kutsegula laputopu n'kuonetsa ntchito ya manja ako kumalankhula kuposa satifiketi ya kosi yomwe wofunsayo sanaimvepo.

Chenjezo limodzi ndilipereke mwamphamvu. Mayina ndi manambala a foni a makasitomala anu, kapena a pamalo pomwe adzagwire ntchito, asawaike pa intaneti pofuna kuonetsa luso. Ena mwa mapulogalamuwa ali ndi batani loti dashibodi ionedwe ndi aliyense padziko lapansi, ndipo achinyamata amalidina osaganiza. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, munthu woulula ngongole za anthu sadaliridwanso.

Mwafunsa ngati zingamupezetse ntchito. Sindingakulonjezeni, ndipo aliyense wokulonjezani kuti pakatha masabata 6 ntchito ilipo, muchenjere naye. Ntchito zolembedwa dzina loti BI analyst n'zochepa kuno, zimapezeka makamaka ku mabanki, ku makampani a mafoni, a inshuwalansi ndi ena akuluakulu ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo kawirikawiri amafuna amene anagwirapo kale. Koma lusoli limabisala m'ntchito za mayina ena: wothandiza ku akaunti, woyang'anira katundu, wolowetsa data, ndi ntchito za M&E m'mabungwe, zoona ngati pulojekiti ikukwaniritsa zomwe inalonjeza. Mabungwe ambiri amatolera mayankho m'midzi ndi mafoni kudzera pa KoboToolbox kapena ODK, ndipo amafuna munthu wosandutsa zimenezo kukhala lipoti lopita kwa opereka thandizo. Za umoyo zili ndi njira yakeyake: Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, yomwe zipatala zimatumizirako malipoti. Mwana wanu alowe pakhomo lomwe latseguka, ngakhale laling'ono, kenako akhale munthu amene lipoti lotenga masiku atatu amalitulutsa tsiku limodzi ndipo lolondola. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Miyezi itatu ikatha, ngati akuonabe kuti akufunika mphunzitsi, kosi si yoipa. Pamenepo adzakhala akudziwa choti afunse. Afunse ngati m'kosimo muli Power Query ndi DAX, chiyankhulo chowerengetsera cha mu Power BI, komanso kalumikizidwe ka matebulo. Afunse ngati aliyense amagwira kompyuta yake, ngati mphunzitsiyo anagwirapo ntchitoyi pa kampani, ndiponso kuti satifiketiyo akupereka ndani. Satifiketi yodziwika kulikonse ndi ya Microsoft yomwe munthu amaipeza akakhoza mayeso a PL-300. Mayesowo ndi olipira, mtengo wake aufufuze pa tsamba la Microsoft, ndipo satifiketiyo imayenera kukonzedwanso chaka chilichonse kudzera pa mayeso aafupi aulere a pa intaneti. Ngati pali ndalama imodzi yokha yoti mubwereke, ine ndingaisungire mayeso amenewo.

Kwa ang'ono ake omwe akadali ku sekondale ndipo ntchitoyi yawakopa: limbikirani masamu ndi Chingerezi pa MSCE, chifukwa lipoti limafuna kuwerengetsa ndi kufotokoza komwe. Maphunziro a statistics, a kompyuta, a zachuma ndi a bizinesi ku UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni onse amafikitsa ku ntchitoyi. Onani zofunika pa pulogalamu iliyonse m'chidziwitso cha chaka chanu cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite.

Mayi, madzulo ano mupite nalo kunyumba kope lija. Mumufunse mwana wanu funso limodzi: pa zitenje ndi nsapato, n'chiyani chomwe chakupatsani phindu lochuluka kuyambira Januwale, mutachotsa ndalama ya ulendo wokaoda ndi ngongole zomwe sizinabwezedwe? Mumupatse masabata awiri.