Mayi msungichuma, chekecho musasaine kaye

Mayi, mwachita bwino kufunsa pagulu pano, paja safunsa adadya phula. Mwati anthu akusankhani kukhala msungichuma wa komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwanuko, koma palibe wakukhazikani pansi n'kukuuzani ntchito yake. Chomwe mwaona mpaka lero ndi mwana wotumidwa ndi ahedi atanyamula cheke chosalemba kanthu kuti musaine, kwinaku makolo akukukakamizani kuti komiti ithamangitse mphunzitsi wina wobwera mochedwa. Ine ndinakhalapo wapampando wa komiti yotereyi pasukulu ina ya kumudzi kuno ku Kasungu, ndipo zambiri zomwe ndinene pano ndinazidziwa zitandigwera kale.

Tiyambe ndi chekecho, poti moto uli pamenepo. Musasaine. Cheke chopanda dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama sichisainidwa, kaya ahediwo ndi mkulu wa mpingo wanu, kaya ndi alamu anu. Chaka changa choyamba ine ndinasainapo ziwiri zotero. Inali nyengo yosankha fodya, ndili pikitipikiti m'chigafa, ndipo ndinaona ngati kupita kusukulu kukafunsa mafunso n'kutaya nthawi komanso kuderera munthu wophunzira. Patapita miyezi ingapo, pamsonkhano wa makolo, agogo ena anaimirira n'kufunsa kuti bwanji matumba a simenti omwe akuwerengedwa palisiti akuposa omwe anthu anatsitsa pangolo. Mpaka lero sindinena kuti ahedi aja anaba. Mwina ndi wasitolo, mwina wangolo, mwina mmisiri. Tsiku lomwe katunduyo anafika panalibe wakomiti ndi mmodzi yemwe woti awerenge. Koma zitafika pofunsa kuti analoleza kutapa ndalamazo ndani, dzina linali langa, ndipo maso a mudzi wonse anatembenukira kwa ine. Tsiku limenelo nsima sinalowe.

Ndalama zomwe mukusungazo, zambiri mwa izo ndi zija boma limatumiza kusukulu za pulayimale kudzera ku khonsolo, zomwe aphunzitsi amangoti SIG, pansi pa ndondomeko ya PSIP. Sizibwera kuti ahedi aone okha chochita nazo. Zimayendera pulani ya chitukuko cha sukulu, ija amati SIP, ndipo pulaniyo imapangidwa pabwalo, pali makolo, aphunzitsi, anyakwawa, amayi a Mother Group, ngakhalenso ana asukulu okulirapo, aliyense kunena chomwe chikumupweteka. Nthawi yomwe ine ndinali m'komiti malangizo ankati theka la ndalamazo lipite ku zothandiza kuti mwana aphunzire bwino m'kalasi, monga choko, makope ndi mapepala olembera mayeso. Magawo 40 pa 100 ankapita ku zothandiza kuti ana onse athe kubwera kusukulu, monga kukonza zimbudzi ndi madenga kapena kuthandiza ana amasiye ndi aulumali, ndipo 10 otsalawo ku kayendetsedwe ka sukulu. Apempheni a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a zoni yanu, akuonetseni malangizo omwe akugwira ntchito panopa, ndipo pulani ya chaka chinoyo muione ndi maso anu. Chinthu chomwe mulibe m'pulanimo sichigulidwa popanda komiti kukumana n'kugwirizana, mlembi n'kulemba m'maminitsi.

Titapsa ndi simenti ija tinasintha kachitidwe. Tisanagule kanthu, anthu awiri ankapita kukafunsa mitengo m'masitolo atatu pa boma n'kubwera ndi makotesheni. Wopita kukagula sankakhala yemweyo wolandira katundu. Katundu akafika tinkawerenga pamaso pa nyakwawa ndi wapampando wa bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), malata limodzilimodzi, madesiki imodziimodzi. Kenako tinkalemba papepala lalikulu kuti zalowa ndi izi, zatuluka ndi izi, zatsala ndi izi, n'kulimata pakhoma la ofesi kunja, osati mkati momwe kholo limaopa kulowa. Inu gulani kope lanulanu la chikuto cholimba, muzilemba tambala iliyonse ndi tsiku lake, malisiti muzisunga m'jumbo kuopa chiswe ndi mvula. Anthu ena adzati mayi uyu ngovuta. Asiyeni anene. Mlandu suwola, ndipo ahedi akasamutsidwa, wotsala pamudzi ndinu.

Ndinenenso chilungamo, kuti musawaone ahedi ngati mdani. Ndalama za SIG n'zochepa poyerekeza ndi mavuto a pasukulu, ndipo nthawi zambiri zimafika mochedwa, teremu itapita kale patali. Ahedi ambiri amatenga choko pangongole kapena kutulutsa za m'thumba mwawo kuti ana alembe mayeso. Mwina chekecho akuchifuna mwachangu chifukwa wasitolo wawaima pakhosi. Ngati zili choncho anene, abweretse pepala la ngongoleyo, komiti imve.

Kodi komitiyi inabwera bwanji? Akuluakulu tikukumbuka kuti kale makolo ankalipira fizi kupulayimale. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fiziyo, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chinachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Makalasi anasefukira, ana n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo m'midzi munalowa kamtima koti basi sukulu ndi ya boma, ife zatichoka. Koma boma lili ku Lilongwe, a PEA ali ku TDC, likulu la zoni kumene aphunzitsi amachitira maphunziro, ndipo ali ndi sukulu zambiri zoyendera panjinga yamoto imodzi. Amene angaone tsiku ndi tsiku kuti denga likudontha, kuti Sitandade 1 yakhala masiku atatu popanda mphunzitsi, kuti mlonda akugona kwawo, ndi anthu a pamudzi pomwepo. Komiti ndiyo maso a mudzi pasukulu. Si chinthu chongoyambitsa ahedi ayi, lamulo la maphunziro la 2013 limaizindikira, ndipo lamulo lomwelo limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso mwana aliyense ayenera kupita. Ngati sukulu yanu ndi ya mishoni, monga za Sinodi ya Nkhoma kapena za Akatolika, eni sukuluwo amakhala ndi mawu m'komitimo. Ngati ndi ya L.E.A., mwini wake ndi khonsolo.

Anthu amasokoneza komiti ya sukulu ndi PTA, ndipo ndaonapo makomiti awiriwa akukanganirana ndani wamkulu mpaka chitukuko kuima. PTA ndi bwalo la makolo onse ndi aphunzitsi. Kumeneko n'komwe madandaulo amatulukira, n'komwe anthu amamemana kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi. Komiti yanuyo, ija amati SMC, ndi kagulu kochepa koyendetsa zinthu: kusamala ndalama ndi katundu, kutsata pulani, kuyang'anira nyumba ndi malo a sukulu. Teremu iliyonse muziima pamaso pa makolo n'kuwerenga lipoti. Komiti yoopa msonkhano wa makolo, dziwani kuti chilipo chomwe yabisa.

Tsopano za mphunzitsi uja. Komiti ilibe mphamvu yochotsa mphunzitsi wa boma, kapena kumusamutsa, kapena kumudula malipiro. Sinamulembe ntchito ndi inu. Makolo akapita ndi zikuni kukatseka ofesi kapena kukamutulutsira katundu panja, mlandu umasanduka wawo, ndipo mbiri ikamveka palibe mphunzitsi wina amafuna kubwera pasukulu yotero. Njira yake ndi iyi: lembani masiku omwe wachedwa kapena kujomba, kambiranani ndi ahedi, iwo amuitane. Zikakanika, komiti ilembe kalata kwa a PEA, ndipo a PEA ndi omwe amakafikitsa nkhani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, kuja ambiri timangoti kwa a DEM. Kalata, osati mawu apakamwa pamaliro.

Koma musanalembe kalatayo fufuzani kuti akuchedweranji. Ife tinali naye wotero, makolo atamukwiyira zedi. Titamufunsa modekha tinapeza kuti pasukulu panalibe nyumba, ankachita lendi patauni kakang'ono kutali ndithu, n'kumapalasa njinga m'mawa uliwonse, ndipo mvula ikagwa dambo linkadzaza, iye n'kudikira kuti madzi aphwe. Tinagawana ntchito m'midzi, wina njerwa wina mchenga, ndipo nyumba itatha munthu uja ndi amene ankayamba kufika pasukulu, n'kumaphunzitsanso a Sitandade 8 masana pokonzekera mayeso a MANEB. Sikuti onse ali choncho. Alipo wochedwa chifukwa cha kachasu, alipo wotuma ana kukapalira m'munda mwake nthawi ya maphunziro. Oterowo kalata ipite. Ndipo pali nkhani imodzi yomwe siyofunika kunyengererana: mphunzitsi kapena bambo wina aliyense wogona ndi mwana wasukulu. Imeneyo siyothera kwa nyakwawa ndi mbuzi kapena nkhuku. Ndi ya kupolisi, ndipo komiti yomwe yathandiza kuibisa yamupereka mwanayo kawiri.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kulowa m'kalasi kukamuuza mphunzitsi kaphunzitsidwe. Imeneyo ndi ntchito ya ahedi ndi a PEA. Inu mutha kufunsa kuti ana angati anakhoza chaka chatha, angati anasankhidwa kupita kusekondale, angati akubwereza Sitandade 1 ndi 2, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Mafunso amenewo ndi anu ndithu.

Ntchito ina yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa njerwa, koma makomiti ambiri saiganizira, ndi kutsata ana osowa m'kalasi. Kuno ku Kasungu kalendala ya kujomba timaidziwa tonse. Januwale ndi Febuluwale njala ikafika pachimake, ana amapita kuganyu ndi makolo awo. Fodya akayamba kuthyoledwa, timanja tawo timafunika posoka ndi posankha. Ana a matenanti m'maesiteti amatha kusowa pakati pa teremu makolo akasamuka. Onjezani masiku a msika ndi nyumba zoonetsa mavidiyo zomwe zimatsegula m'mawa. Pemphani kaundula wa kalasi iliyonse, lembani maina a ana omwe atha sabata ziwiri osaoneka, muwagawe potengera midzi yawo, mukawatule kwa anyakwawa. Mfumu ikalankhula kholo limamva kusiyana ndi kalata ya ahedi. M'midzi ina ya kuno ndi ku Mchinji mafumu anafika potulutsa gule m'mawa kuti aperekeze ana kusukulu. Zimagwira ntchito masiku oyamba, sindikana, ngakhale ine ndinaona kuti mwana wobwera chifukwa cha mantha, m'mimba mulibe kanthu, pofika 10 koloko wathawa. Chomwe chinawasunga ana kwathu ndi phala. Tinalima munda wa sukulu wa chimanga ndi soya, amayi n'kumasinthana kuphika.

Pa atsikana gwirani ntchito limodzi ndi amayi a Mother Group, iwo amafika pomwe abambo a m'komiti sangafike. Makolo ambiri sadziwa kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana yemwe anachoka chifukwa cha mimba kubwerera kusukulu akabereka, komanso kuti mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Izi muzizinena pamsonkhano uliwonse mpaka anthu atope nazo. Ndipo popanga pulani musaiwale chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko ndi madzi. Abambo tikakhala tokha timathamangira buloko yooneka patali, pomwe mtsikana wa Sitandade 6 akujomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa posinthira.

Nkhani ya zopereka za makolo ndi yomwe imadanitsa komiti ndi mudzi. Mlonda amafuna malipiro, mjigo ukawonongeka umafuna zipangizo, ndiye makolo amatha kugwirizana pamsonkhano wawo kusonkha kangachepe. Koma mwana asabwezedwe pakhomo la kalasi chifukwa kholo lake silinapereke, kapena kumanidwa lipoti la mayeso. Wangongole ndi kholo, osati mwana. Wopanda ndalama abwere ndi khasu, atute mchenga, kapena apereke mbale ya chimanga akakolola. Zosonkhazo nazonso zilembedwe m'kope lanu lija, wopereka alandire kalisiti.

Malo a sukulu muwayendere ndi mafumu, malire adziwike, mubzale mitengo m'mbali mwake. Anthu amalowa ndi mzere umodzi chaka chilichonse, pozindikira bwalo la mpira lasanduka munda wa mtedza. Zinthu zazikulu monga buloko yatsopano sizingatheke ndi SIG. Zimenezo zitengereni ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), zipite ku ya dera la mfumu yaikulu (ADC) mpaka ku khonsolo, ndipo akhansala ndi aphungu muziwakumbutsa za ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zija amati CDF. Koma nsalu ya chipani muziisiya kunyumba pobwera kumsonkhano wa komiti, chifukwa ana omwe ali m'kalasimo makolo awo anavota mosiyanasiyana. Malipiro pantchitoyi palibe. Mwina kamodzi pa nthawi mudzaitanidwa kumaphunziro ku TDC n'kupatsidwa ya thiransipoti, basi.

Ndiye chekecho musachibweze kudzera mwa mwana, zingaoneke ngati mwano. Mawa m'mawa muwatenge apampando anu, mupite nacho nokha ku ofesi, mupereke moni mwaulemu, n'kunena kuti poti ndinu atsopano mukufuna akuphunzitseni. Pemphani kuona pulani ya chaka chino, sitetimenti ya kubanki, maminitsi a msonkhano womwe unagwirizana zogula zimenezo, ndi makotesheni ake. Funsaninso kuti msungichuma wakale anasiya mabuku ati, ndipo akupatseni pamaso pa anthu, mulembe zomwe mwalandira. Zonse zikakhalapo, chekecho chilembedwe inu mukuona, dzina ndi ndalama zake, kenako musaine. Akakuuzani kuti mapepalawo ali kwa a PEA, auzeni kuti palibe vuto, mudikira, kapena mupitira limodzi ku TDC.