Chipinda cha m'denga chikuzizira? Musathamangire kugula hita

Mayi wina wa ku Leeds wandilembera imelo. Nyumba yomwe anagula, eni ake akale anasandutsa loft (malo a m'kati mwa denga) kukhala chipinda chogona, ndipo mwana wamkazi wa mayiyu akugonamo atavala jekete kuyambira Novembala. Mayiyu akufunsa ngati agule hita yamagetsi.

Achemwali, dikirani kaye. Kuno ku Britain yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, ndipo kutentha komwe mugule kudzatulukira pomwe kukutulukira kale.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa mnyamata wanga anagonaponso m'chipinda chotere kuno ku Nottingham. Tinalowa m'nyumbayo nyengo yotentha, chipinda chikuoneka bwino: penti watsopano, kapeti, windo la padenga loonera mitambo. Chisanu chitafika, mwana anayamba kutsika usiku ndi bulangete lake n'kudzagona pa sofa. Radiator inkatentha bwinobwino, koma ukaika dzanja pa soketi unkamva kamphepo kakutuluka. Tsiku lina ndinatsegula kachitseko ka pakhoma lalifupi lija, pomwe denga limatsikira, n'kuchotsa masutikesi, n'kuwalitsa tochi. Kuseri kwake kunalibe chilichonse. Plasterboard (bolodi lopyapyala lopangira khoma la mkati), matabwa, kenako denga basi, popanda insulation (zotchinga kuti kutentha kusatuluke). Mwana wanga ankagona ngati m'nyumba yamalata yopanda siling'i ku Dedza mu Juni.

Zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero. Mmisiri amene anagwira ntchitoyo ankadziwa kuti wogula amaona penti, sakwawira kuseri kwa khoma. Ndipo ife makolo tili ndi mawu amene timathamangira kuuza ana: pirira, ndi mmene kulili kuno. Ayi. Mwana amene akudzuka ndi chifuwa sabata iliyonse sakuphunzira kupirira, akudwala. A zaumoyo kuno amati m'chipinda chomwe munthu amakhalamo musatsike madigiri 18. Timatumiza ndalama kumudzi zomangira nyumba yomwe timagonamo mwezi umodzi pa zaka zingapo, pomwe chipinda cha mwana wathu khoma lake likuchita thukuta ndipo pakona pakumera chuku chakuda. Ine sindivomereza zimenezo, ngakhale kumanga kwathu ndimakulemekeza.

China, mudzalandira mafoni kapena timapepala pakhomo ta anthu ofuna kukupoperani spray foam (thovu la insulation lomwe limauma n'kumatirira) m'denga. Akaneni. Mabanki ambiri amakana kapena kuvuta kupereka mortgage pa nyumba zopoperedwa choncho, chifukwa matabwa sakuonekanso ndipo chinyezi chimatha kubisala mkati n'kuwawoletsa. Tsiku lomwe mudzafune kugulitsa mudzalipiranso wina kuti achotse.

Choti muchite

Yambani ndi zosafuna ndalama. Radiator ya pamwamba kwambiri ndi imene imasonkhanitsa mpweya. Ngati ikuzizira kumtunda, itseguleni ndi kakiyi kake mpaka madzi atuluke, ndipo onani pa geji ya boiler kuti pulesha ya madzi ili pakati pa 1 ndi 1.5 bar boiler ikakhala yozizira. Kenako tengani tochi mulowe pa kachitseko kaja. Khoma lalifupilo liikidwe mabolodi olimba a insulation otchedwa PIR pakati pa matabwa, mipata yonse imatidwe ndi tepi ya foil. Pansi pa kuseriko payalidwe mineral wool (insulation yonga thonje) yochindikala 270mm, ndipo kachitsekoko nakonso kaikidwe insulation ndi labala wotseka m'mbali. Koma musatseke timipata ta mpweya tam'munsi mwa denga, ndipo pomwe denga lapendekeka siyani mpata wa 50mm pakati pa insulation ndi felt (chinsalu choyalidwa pansi pa matailosi a denga), apo ayi matabwa ayamba kunyowa.

Mbali yopendekekayo ikakhala yopanda kanthu mkati, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, chifukwa pamafunika kuchotsa plasterboard kapena kuwonjezera ina ya insulation pamwamba pake. Musanamuitane, fufuzani m'mapepala a nyumba ngati muli completion certificate ya building control, chikalata chosonyeza kuti oyendera zomangamanga anavomereza ntchito yosandutsa loft ija. Ngati mulibe, imbani ku khonsolo mufunse ngati ntchitoyo inavomerezedwa.